Funsani Tikuyankheni: Jason Donovan, mwana wa pa kanema amene anakakhwimira pa siteji

Makalata a mwezi uno agwera mbali ziwiri. Ena akufunsa za Jason Donovan, katswiri wa zisudzo ndi zoimba wa ku Australia, pomwe ena akufunsa za ana amene amayamba zisudzo akadali pasukulu. Tawaphatikiza chifukwa mbiri ya mkuluyu ikuyankha zonse ziwiri. Mafunso ena tawafupikitsa.

Akonzi, kuno ku Britain amayi a msinkhu wanga akangomva dzina loti Jason Donovan amasekerera ngati atsikana. Ine ndimangomuona pa zikwangwani za zisudzo. Kodi munthuyu ndani, nanga anayamba bwanji? (Mayi wa ku Leeds)

Mayi, anzanuwo akukumbukira utsikana wawo. Jason Donovan anabadwa pa 1 Juni 1968 ku Malvern, mumzinda wa Melbourne. Bambo ake, a Terence Donovan, anali kale odziwika m'masewero a apolisi a pa kanema, ndipo ukwati wawo utatha ndiwo analera mwanayu. Jason anakulira m'nyumba imene zisudzo zinali ntchito yodyetsa banja, osati zongocheza.

Anaonekera koyamba pa kanema mu 1980 ali ndi zaka 11, m'sewero la Skyways, lonena za anthu ogwira ntchito pabwalo la ndege. Kamtsikana kamene kanasewera ngati mlongo wake kanali Kylie Minogue, amene anadzakhala woimba wotchuka. Kenako anapezeka mu I Can Jump Puddles mu 1981 ndi Golden Pennies mu 1985. Izi zinamuzoloweza kamera koma sizinamutchukitse.

Chimene chinasintha zonse ndi Neighbours, sewero la tsiku ndi tsiku lonena za mabanja okhala mumsewu umodzi wotchedwa Ramsay Street. Linayamba mu 1985 pa kanema wa Seven, eni ake n'kulitaya chifukwa oonera anali ochepa, ndipo kanema wa Ten analitola mu 1986. Posamukapo anasintha osewera ena. Mbali ya mnyamata wasukulu Scott Robinson, imene poyamba inali ya Darius Perkins, inapita kwa Donovan ali ndi zaka 17. Chaka chomwecho Kylie Minogue analowa ngati Charlene, mtsikana wophunzira umakaniko, ndipo alembi ataona kuti oonera akopeka ndi awiriwa anawalembera chibwenzi.

Ukwati wa Scott ndi Charlene unali gawo la nambala 523. Ku Australia unaonetsedwa pa 1 Julaye 1987, ku Britain mu Novembala 1988, ndipo kumeneko anauonera anthu pafupifupi 20 miliyoni. Chinathandizanso ndi nthawi: kuyambira 1988 BBC inkaonetsa seweroli kawiri patsiku, masana ndi madzulo ana ataweruka kusukulu. Atsikana amene ankathamangira kunyumba kuti asaphonye gawo ndi amayi amene mukucheza nawowo. Donovan anachoka m'seweroli mu 1989 n'kupita ku London kukaimba, ndipo chimbale chake cha Ten Good Reasons ndicho chinagulidwa kwambiri ku Britain chaka chimenecho.

Ndimamva ena akunena kuti sewero la tsiku ndi tsiku ndi sukulu yabwino ya zisudzo, ena akuti limapha luso. Zoona zake ndi ziti? (Mnyamata wa ku Zomba)

Achimwene, onse akunena zoona, kungoti aliyense akuona mbali yake. Tiyambe ndi masamu. Neighbours inkatulutsa zigawo 5 pa sabata, chilichonse cha mphindi pafupifupi 22. Ndiye kuti sabata iliyonse ankajambula mphindi zoposa 100, zomwe ndi kutalika kwa filimu yathunthu. Opanga filimu amatenga masabata 6, 10 kapena kuposerapo kuti ajambule zochuluka choncho. Tsamba limodzi la sewero limatha pafupifupi mphindi imodzi, choncho wosewera amene nkhani yatsamira pa iye sabata imeneyo amaloweza masamba ambirimbiri usiku, m'mawa n'kuwalankhula, madzulo n'kuwaiwala kuti mutu ulandire ena.

Zochitika m'nyumba ankajambulira mu situdiyo ya ku Nunawading, ndipo za panja ku Pin Oak Court, kamsewu kenikeni ka ku Vermont South komwe anthu amakhala. Mu situdiyo makamera angapo amajambula nthawi imodzi. Pansi amamata timatepi tosonyeza poti wosewera aime. Akaima sitepe imodzi kumbali, amatchinga mnzake kapena amatuluka m'kuwala, ndipo nkhope imada. Pamwamba pa mutu pamalendewera maikolofoni ya pandodo, ndipo wosewera akaimirira mwadzidzidzi osayeserera, mthunzi wa ndodoyo umagwera pakhoma, gawo lonse n'kubwereza. Mwana amene wakhala zaka 3 m'ntchito yotere amatuluka akudziwa kuloweza msanga, kufika pa tepi osayang'ana pansi, kusunga nthawi, ndi kugwira ntchito ngakhale tsiku limene mutu sukufuna. Izi sukulu zambiri za zisudzo sizitha kuphunzitsa mokwanira.

Zimene limawononga nazonso n'zenizeni. Nthawi yofufuza njira yachiwiri yolankhulira mzere palibe, choncho wosewera amazolowera kugwira imene yabwera msanga. Pakapita chaka amakhala ndi nkhope imodzi ya mkwiyo, imodzi ya chisoni, imodzi ya kudabwa, ndipo amangozitulutsa ikafika nthawi. Mawu amafooka chifukwa maikolofoni ili pafupi. Chachikulu n'chakuti nkhani ilibe mathero odziwika: alembi omwe sadziwa kumene Scott adzakhale chaka chamawa, ndiye wosewera saphunzira kumanga munthu kuchoka poyambira, kukwera pang'onopang'ono, mpaka pachimake. M'filimu ndi pa siteji ntchito yonse yagona pamenepo. Kuweruza kwathu n'kwakuti sewero lotere ndi pulayimale yabwino kwambiri, koma amene akufuna kupitirira ayenera kuvomera kukhalanso wophunzira akatulukamo.

Guy Pearce anali mu Neighbours nthawi imodzi ndi Donovan, ndipo wotchuka kwambiri anali Donovan. Bwanji Pearce ndiye anapita patali m'mafilimu? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Mwaona bwino. Pearce ankasewera Mike Young, mnzake wa Scott, kuyambira 1986 mpaka 1989. Mu 1994 anatenga mbali ya mwamuna wovina atavala zachikazi mu The Adventures of Priscilla, Queen of the Desert, mu 1997 anali wapolisi mu L.A. Confidential, mu 2000 anali munthu wosatha kukumbukira zimene zangochitika kumene mu Memento. Mbali iliyonse inali yotalikirana ndi Mike Young, ndipo ku America anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti anachokera m'sewero la madzulo.

Donovan anayesa. Mu The Heroes, sewero la zigawo zochepa la pa kanema, anali mmodzi wa asilikali amene mu 1943 anapita mozemba kukamiza sitima za Japan padoko la Singapore. Mu 1990 anali ndi mbali yaing'ono ya msilikali mu Blood Oath, filimu yonena za milandu ya nkhondo pachilumba cha Ambon, mmene munalinso Bryan Brown ndi Russell Crowe asanatchuke. Pambuyo pake anatsogolera Rough Diamonds, imene sinapite patali. Tinene mosabisa: mbiri yake ya mafilimu ndi yopyapyala.

Chifukwa choyamba ndi nkhope. Pofika 1989 nkhope ya Donovan inali pa makoma a zipinda za atsikana, pa magazini, pa zimbale. Wopanga filimu amafuna kuti oonera akhulupirire kuti akuona msilikali, ndipo akangoti "uyo Jason" ntchito yawonongeka. Pearce anali wodziwika mokwanira kuti amuitane kudzayesedwa, koma osati mpaka kuti nkhope yake imeze mbali imene wapatsidwa. Chachiwiri ndi nthawi. Zaka zimene anzake ankatola timbali ting'onoting'ono m'mafilimu n'kumaphunzira, Donovan anali m'ndege, m'mabwalo oimbira ndi m'masitudiyo a Stock Aitken Waterman, amene ankamupangira nyimbo.

Ndipo filimu ili ndi luso lakelake lofunika zaka. Kawirikawiri kamera imakhala imodzi. Chochitika chimodzi amachijambula chapatali, kenako chapakati, kenako nkhope ya aliyense payekha, ndipo pakati pake amasuntha magetsi, mwina ola lathunthu. Wosewera ayenera kubwereza zomwezo ndendende: ngati ananyamula kapu ndi dzanja lamanja pa liwu lakuti, azitero ulendo uliwonse, apo ayi wolumikiza zithunzi sangathe kuziphatikiza. Sajambulanso motsatira nkhani. Amatsata malo ndi ndalama, choncho imfa ya munthu ikhoza kujambulidwa Lolemba, kukumana kwake koyamba ndi mkazi wake Lachisanu. Nkhope ikadzaza chinsalu chonse cha m'holo ya mafilimu, kukweza nsidze kumene kunkaoneka bwino pa kanema wa pabalaza kumaoneka kokokomeza. Wochokera m'sewero la tsiku ndi tsiku amayenera kuchepetsa pafupifupi chilichonse chimene anazolowera.

Ndinamva kuti anasewerapo Yosefe wa m'Baibulo ku London. Kodi munthu wa pa kanema angangokwera siteji n'kutha? Chimafunika n'chiyani kwenikweni? (Mphunzitsi wa kwaya wa ku Chipata)

Aphunzitsi, funso lanu ndilo lafika pamtima pa nkhaniyi, chifukwa pamenepa ndi pomwe moyo wa Donovan unakhotera. Seweroli ndi Joseph and the Amazing Technicolor Dreamcoat la Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice, nkhani ija ya m'buku la Genesis: Yakobo ndi ana ake 12, mkanjo wa mawangamawanga, dzenje, nyumba ya Potifara, ndende, maloto a Farao. Chingakusangalatseni n'chakuti linayamba mu 1968 ngati kanyimbo ka mphindi zosapitirira 20 kolembera kwaya ya ana asukulu ku London, n'kumakula pang'onopang'ono. Mu Juni 1991 linatsegulidwa mwatsopano m'holo ya zisudzo ya London Palladium motsogozedwa ndi Steven Pimlott, Donovan ali Yosefe, ali ndi zaka 23.

Chifukwa chimene anamusankhira n'chosabisika. Palladium ili ndi mipando yoposa 2,200, ndipo ku West End, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku London, amasewera maulendo 8 pa sabata: madzulo 6 ndi masana 2. Ndiye kuti pamafunika matikiti pafupifupi 18,000 sabata iliyonse. Dzina la pa kanema limagulitsa matikiti a miyezi yoyamba. Atachoka Donovan analowa Phillip Schofield, nayenso nkhope ya pa kanema, zomwe zikusonyeza mmene eni sewero ankaganizira. Koma dzina limangodzaza holo. Nsalu ikatseguka limakhala lilibenso ntchito.

Ntchito imayenda motere. Amayamba ndi masabata 4 mpaka 6 m'chipinda choyeserera, ali ndi piyano yokha, pansi atajambula malire a siteji ndi tepi. Kenako oimba amakumana koyamba ndi gulu lonse la zoimbira, atangokhala pamipando, kuti khutu lizolowere kupeza noti yake pakati pa malipenga ndi ng'oma. Ikatero amalowa m'holo yeniyeni kukayesa magetsi, zokuzira mawu, makoma oyenda ndi kusintha zovala. Masiku amenewa ndi otopetsa kuposa onse, chifukwa mphindi 2 za sewero zikhoza kudya maola. Pambuyo pake amasewera masiku angapo pamaso pa anthu olipira atolankhani asanaitanidwe, akukonzabe zolakwika masana. Sewero likakhazikika, aliyense amayenera kukhala ali m'nyumbamo mphindi 35 nsalu isanatseguke, ndipo amene sanafike, womulowera m'malo amauzidwa kuti avale.

Chimene chimagwetsa anthu a pa kanema ndi mawu. Mu situdiyo yojambulira nyimbo woimba amatha kujambula mzere umodzi maulendo 20, akatswiri n'kusankha wabwino, n'kuunjikapo mawu ena kumbuyo. Seweroli ndi loimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mulibe zolankhula zopumirapo, ndipo zonse zimachitika pamaso pa anthu. Kamaikolofoni kamene amabisa m'tsitsi pamwamba pa mphumi kamangokuza zimene zatuluka. Sikawonjezera mpweya, sikakonza noti. Thukuta likalowamo kamatseka, ndipo woimba amayenera kupitiriza.

Woimba wosaphunzitsidwa amakankha mawu ndi pakhosi m'malo mowachirikiza ndi mpweya wochokera m'munsi mwa nthiti. Tsiku loyamba zimamveka bwino. Pofika Lachinayi timinofu ta m'kholingo timatupa, manoti apamwamba amayamba kuthawa, iye n'kukankha kwambiri, kutupa n'kuwonjezeka. Zikapitirira miyezi, pa timinofuto pamamera timatuza tolimba, ndipo mankhwala ake ndi kukhala chete kwa masabata, nthawi zina opaleshoni. Kupewa kwake n'kodziwika ndipo kukhoza kuthandizanso kwaya yanu: kutenthetsa mawu mphindi 15 mpaka 20 musanayambe, kuyambira kung'ung'udza chapansi n'kumakwera, kumwa madzi tsiku lonse, osati pomwe mukukwera siteji, kufungatira nthunzi ya madzi otentha, kusakuwa m'malo aphokoso sewero likatha, kusadya kwambiri pogona chifukwa asidi wa m'mimba amakwera n'kuwotcha kholingo. Mawu akasasa musanong'one. Kunong'ona kumatopetsa kholingo kuposa kulankhula motsitsa.

Thupi nalo limayamba sukulu yatsopano. Munthu wokhala kumpando wakumbuyo m'mwamba saona maso a wosewera. Chisoni cha Yosefe m'ndende chiyenera kuoneka m'mapewa, m'mene wagwadira, m'kutalika kwa mpweya wake. Ndiye amene anauzidwa m'filimu kuti achepetse, pano akuuzidwa kuti akulitse, koma osanama. Ndipo chovuta chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi kubwereza. Usiku wa nambala 200 mawu omwewo amatuluka okha mutu uli kwina, ndipo ndi pamene anthu amaiwala mizere imene akhala akuimba miyezi 6.

Donovan alibe mawu aakulu, ndipo sitinganene kuti anali woimba woposa onse ku West End chaka chimenecho. Koma mbali ya Yosefe imafuna mnyamata wooneka wosalakwa amene anthu angamukonde msanga, ndipo iye anali nazo zimenezo, kuphatikiza khama la ku Nunawading lofika pantchito tsiku ndi tsiku. Anasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Olivier, ya ochita bwino pa zisudzo za ku London, ndipo nyimbo ya m'seweroli, Any Dream Will Do, inafika pa nambala 1 ku Britain.

Nanga zinthu zikuyenda bwino chotere, anasowa bwanji m'zaka za m'ma 1990, ndipo anabwerera bwanji? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Zinagwa zitatu motsatizana. Choyamba n'chachibadwa m'malonda a nyimbo za achinyamata: mtsikana wa zaka 13 amene amagula chimbale lero, pofika zaka 17 amachita nacho manyazi, ndipo ang'ono ake amafuna wawo watsopano. Chachiwiri ndi mlandu. Mu 1992 anasumira magazini ya The Face chifukwa cha nkhani yosonyeza ngati amagonana ndi amuna anzake koma akubisa. Khoti linamupatsa mapaundi 200,000, iye n'kuvomera kusiya gawo lalikulu kuti magaziniyo isatsekedwe. Mlandu anawina, koma anthu ambiri, kuphatikizapo a m'zisudzo momwemo, anamuona ngati wonyoza anzawo, ndipo mwini wake anadzavomera pambuyo pake kuti kusumako kunali kulakwitsa. Chachitatu ndi mankhwala ozunguza bongo. Analowerera mu kokeni, mu 1995 anakomoka m'nyumba ya zisangalalo ku Los Angeles, ndipo zonsezi anazifotokoza yekha m'buku la moyo wake la mu 2007. Amati anasiya mwana wake woyamba atabadwa mu 2000.

Chimene chinamubweza si nyimbo kapena filimu, ndi siteji. Mu 1998 anatenga mbali ya Frank-N-Furter mu The Rocky Horror Show, munthu wolusa wovala zachikazi, wosiyana kotheratu ndi Scott Robinson. Mu 2002 anasewera loya m'sewero la MDA pa kanema wa ABC kwawo ku Australia. Mu 2004 anabwerera ku Palladium mu Chitty Chitty Bang Bang, tsopano ngati bambo wa ana. Mu 2006 anayenda m'mizinda ya Britain ndi Sweeney Todd. Mu 2009 anatsogolera Priscilla ya pa siteji ku Palace Theatre, m'mbali imene m'filimu ija inali ya Hugo Weaving.

Amene akufuna kumuyesa ngati wosewera weniweni ayang'ane 2015, pamene anali Lionel Logue mu The King's Speech. Logue anali wa ku Australia amene anathandiza Mfumu George VI pa vuto la chibwibwi. M'seweroli mulibe nyimbo yobisalamo, muli anthu awiri akulankhulana m'chipinda. Mu 2019, patatha zaka 28, anakweranso siteji ya Palladium m'sewero la Yosefe lija, ulendo uno ali Farao, Yosefe ali mnyamata wongotuluka kumene kusukulu ya zisudzo, Jac Yarrow. Onani mmene mbali zake zakhala zikukula limodzi ndi msinkhu wake. Ambiri amene anatchuka ali ana amakanirira kusewera mnyamata mpaka imvi, ndipo ntchito imawathera pamenepo.

Mwana wanga wa zaka 11 amachita bwino zisudzo kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo anthu ena opanga mafilimu akumufuna. Mtima wanga uli pawiri. Kumaiko kumene ntchitoyi inakhazikika amawateteza bwanji ana, ndipo ine ndionetsetse chiyani? (Bambo wa ku Lilongwe)

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanavomere. Tikupatsani za kumeneko ngati muyeso, kenako muzifunsa zomwezo kwa amene akufuna mwanayo.

M'chigawo cha Victoria, kumene Donovan anakulira, lamulo la Child Employment Act la mu 2003 limateteza ana osakwana zaka 15. Wolemba mwana ntchito ya zisudzo amafunika chilolezo cha boma, maola ogwira ntchito amachepa malinga ndi msinkhu, ndipo mwana amakhala ndi womuyang'anira amene mbiri yake inafufuzidwa. Ku England chilolezo chimachokera ku khonsolo ya kumene mwana amakhala, ndipo womuyang'anira mmodzi saloledwa kusunga ana oposa 12. Chifukwa cha malamulo oteteza ana, m'masewero aakulu a ku West End mbali imodzi ya mwana imagawidwa kwa ana 3 kapena 4 osinthana masiku. Palibe mwana amene amasenza maulendo 8 pa sabata. Inu mufunse kuti mwana afika nthawi yanji ndi kuweruka nthawi yanji, adya chiyani, avalira kuti, ndipo ndani akhala naye. Kujambula n'kudikira: pa maola 8 mwina ogwira ntchito ndi 2, ndipo zoipa zambiri zimachitika m'maola odikirawo. Ngati sakulola kholo kapena wachibale wamkulu kukhalapo, kanani.

Za ndalama, phunziro linachokera ku America. Jackie Coogan anatchuka ali mwana m'mafilimu a m'zaka za m'ma 1920, koma atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza anadya pafupifupi zonse. Mlandu wake unabala lamulo la ku California la mu 1939, ndipo lero 15 pa 100 iliyonse ya malipiro a mwana imasungidwa mu akaunti imene iye yekha adzatsegule akakula. Inu simukusowa lamulo kuti muchite chimodzimodzi. Tsegulani akaunti ya mwanayo ndipo malipiro azilowa mmenemo. Banja likayamba kudalira ndalama za mwana pa lendi ndi chakudya, mwanayo sathanso kunena kuti watopa.

Mukonzekerenso zaka za pakati pa 12 ndi 15. Mawu a mnyamata amatsika kwambiri kholingo likamakula, ndipo kwa miyezi ingapo amaduka osamuchenjeza. Msinkhu umathamanga, nkhope imasintha, ziphuphu zimabwera. Mbali za mwana zimatha, za wamkulu sizinayambe, ndipo opanga mafilimu amakonda kutenga wa zaka 18 wooneka wamng'ono kuti asewere wa zaka 15, popeza alibe malire a maola. Foni imasiya kulira. Mwana amene anauzidwa kuti ndi katswiri amaganiza kuti walakwa penapake. Muuzeni zisanachitike kuti nyengo imeneyi imafikira aliyense, ndipo panthawiyo asakakamize manoti apamwamba akale. M'mbiri ya Donovan, pakati pa Skyways ndi Neighbours panadutsa zaka 6 za timbali tapatalipatali, iye ali pasukulu. M'mera mpoyamba, inde, koma mmera umenewu ukufunanso sukulu, ndipo masiku ojambula agwere pa holide kapena Loweruka.

Pomaliza pake pepala. Musalole mwana kuima pamaso pa kamera popanda mgwirizano wolembedwa umene inu mwasayina. Muwerenge sewero lonse, osati masamba a mwana wanu okha, kuti mudziwe nkhani imene nkhope yake ikalowemo. Mgwirizanowo utchule malipiro ndi tsiku lolipira, masiku ndi maola, amene alipire mayendedwe ndi chakudya, ndi zoti zichitike akadwala kapena kuvulala. Utchulenso kumene filimuyo ikaonetsedwe ndi kwa zaka zingati. Chilolezo cha kuonetsa pa kanema wa m'dziko muno si chilolezo choika pa YouTube kapena Facebook, ndipo si chilolezo chodula chithunzi cha mwanayo n'kuchiika pa chikwangwani chotsatsa malonda. Chilichonse mwa izi chilembedwe pachokha ndi mtengo wake, ndipo kope limodzi losayinidwa likhale m'manja mwanu.